Kusefa ndi Kuyendetsa Madzi m'Thanki Yoswaniramo Nsomba

 Lero tikamba za madzi a m'thanki yoswaniramo nsomba, ndipo ndiyamba ndi cimene ndinaona ndi maso anga.

Caka cina, m'mwezi wa Novembala, ndinacezera sukulu ina kumene ana ndi aphunzitsi ao anamanga thanki ya simenti ndi kuikamo nsomba zinai. Nsombazo zinaswa, ndipo pa Lacisanu ana anawerenga tiana toposa 200. Pocoka kupita kwao anaponyamo cakudya cambiri, kuti tinsombato tisamve njala pa Loweruka ndi pa Sondo. Pa Lolemba m'mawa, tsiku limene ine ndinafika, anapeza tonse titafa, tina tikuyandama, tina titagona pansi. Koma madzi anali oyera mbee, kotero kuti ndalama itagwera pansi munthu akanaiona.

Mtsikana wina anandifunsa nati, "Bambo, madzi ngoyera, cakudya tinapatsa cambiri. Nanga capha nsomba zathu n'ciani?" Funso limeneli ndilo phunziro lathu la lero. Mvetserani bwino, pakuti pofika kumapeto inu nomwe mudzakhoza kumyankha.

Nsomba imene tiweta

Nsomba yoyenera thanki ya pa sukulu ndi ya mtundu wa tilapia, imene ambiri amaicha bream. Mu mtsinje wa Kafue ndi m'cigawo ca kumtunda ca Zambezi muli bream ya madontho atatu m'nthiti mwake, imene akatswiri amaicha Oreochromis andersonii. Ndi mbale wake wa cambo ca m'nyanja ya Malawi. Ikafika nthawi yoswana, yaimuna imakumba kadzenje kozungulira mu mcenga, ndico cisa cake. Yaikazi imaikira mazira m'cisamo, yaimuna niithira mbeu yake, ndipo pomwepo yaikazi imatola mazira onse ndi kuwasunga m'kamwa mwake. Madzi akakhala ofunda, mazira amaswa patapita masiku ocepa, koma tiana timakhalabe m'kamwa mwa mai wao kufikira pafupifupi masabata awiri. Nthawi yonseyi mai sadya kanthu.

Tsono taonani cimene mai ameneyu amacita. Usana ndi usiku amakoka madzi atsopano ndi pakamwa ndi kuwaturutsira m'makha, ziwalo zofiira zija ziri m'mbali mwa mutu zimene nsomba imapumira. Potero amagubuduza mazira pang'onopang'ono, kuti liri lonse lilandire madzi abwino ndi kuti nkhungu isamerepo. Sawakunkhuniza mwamphamvu, ndiponso sawaleka cikhalire. Alimi amene amaswetsa nsomba zambiri amatsanza nzeru yomweyi: amacotsa mazira m'kamwa mwa mai ndi kuwaika m'mabotolo momwe madzi amalowera pansi ndi kuwatembenuza mofatsa. Ifenso m'thanki mwathu tifuna zinthu ziwiri zomwezi, madzi aukhondo ndi madzi oyenda modekha.

Adani atatu a m'madzi

Mu mtsinje madzi oipa amapita, ena atsopano nabwera. M'thanki madzi ndi omwewo lero ndi mawa, ndipo nsomba zimadyera, kupumira ndi kudzithandizira m'menemo. Cifukwa cake mumabadwa adani atatu.

Woyamba ndi zinyalala zooneka ndi maso: ndowe za nsomba, cakudya cotsala ndi masamba ogweramo. Zimenezi zikamaola zimatha mpweya wa m'madzi ndiponso zimabala mdani waciwiri.

Waciwiri ndi poizoni wosaoneka wochedwa amoniya. Nsomba iri yonse imaturutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo cakudya coola cimaonjezapo wina. Amoniya alibe mtundu, cotero madzi akhoza kuoneka oyera pamene ali odzala naye. Amaocha makha a nsomba, ndipo tiana ndito timayamba kufa. Ukali wake umakula madzi akatentha, ndiponso akakhala a laimu wambiri, monga madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka, amene amacokera m'miyala ya laimu.

Wacitatu ndi kusowa kwa mpweya wa okosijeni. Nsomba imapuma okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo iyeyu ngwocepa ndithu. M'mbali mwa nyanja ya mcere, lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu 9 okha a okosijeni. Madzi akafika madigiri 30 amasunga ngati 7.5. Kuno kwathu, pokhala tiri pamtunda, amacepa koposa, pakuti Lusaka ali pa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja ya mcere. Tsono bream imaswana bwino pamene madzi ali pakati pa madigiri 25 ndi 30, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye imaleka. Mwaona vuto lake: nyengo imene nsomba zimaswana ndiyo yomwe madzi amasunga mpweya wocepa.

Anchito osaoneka

Zinyalala tikhoza kuzigwira ndi siponji. Nanga amoniya, amene amapyola nsalu iri yonse, tingamcotse bwanji? Nchito imeneyi imagwiridwa ndi tizilombo tating'ono kwambiri tochedwa mabakiteriya. Ambiri a inu mumamva dzinali pa nkhani ya matenda, koma alipo mabakiteriya ena amene ali abwenzi athu. M'zaka za 1890 ndi 1891 katswiri wina dzina lake Sergei Winogradsky, akugwira nchito mu mzinda wa Zurich, anaonetsa kuti pali magulu awiri a tizilombo totere. Gulu loyamba limadya amoniya ndi kumsandutsa nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni: akalowa m'magazi a nsomba amawalepheretsa kunyamula okosijeni, magaziwo nasanduka ofiirira ngati dothi. Gulu laciwiri limadya nitrite ndi kumsandutsa nitrate, amene sapweteka nsomba akakhala wocepa. Dzina la nitrate mwaliwerengapo pa matumba a fetereza, pakuti ndico cakudya ca mbeu.

Tizilombo timeneti sitikonda kuyandama m'madzi. Timamatirira pa miyala, pa siponji ndi pa makoma, ndipo kuti tigwire nchito tifuna madzi oyenda obweretsa cakudya cao ndi okosijeni. Cotero pamene tipanga sefa, tikumanga mudzi wa anchito amenewa.

Kukula kwa thanki

Tisanagule ciri conse tiyenera kudziwa kuculuka kwa madzi athu. Tengani mapensulo. Thanki yathu ndi ya masentimita 200 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo madzi akuya masentimita 50. Culukitsani 200 ndi 100 ndi 50: mupeza 1,000,000. Gawani ndi 1,000: mupeza malita 1,000. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, madzi amenewa alemera tani yathunthu, cifukwa cake maziko akhale olimba. M'thanki yotere muike yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu. Pansi thirani mcenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino, ndipo muikemo miphika yadothi yogoneka, kuti zazikazi zipeze pobisala, pakuti yaimuna imalusa pa nthawi ya cisa.

Thanki yasimenti yatsopano imaturutsa laimu amene amapha nsomba. Idzazeni madzi, akhalemo sabata imodzi, muwataye, ndipo mubwereze katatu kapena kanai. Madzi a pa mpopi ali ndi mankhwala a klorini, amene amapha nsomba pamodzi ndi mabakiteriya athu. Ayambe akhala masiku awiri m'cotengera cosavundikira. Madzi a pa citsime cakuya amabwera ndi mpweya wocepa. Muwathire kucokera pamwamba kuti acite thobvu.

Kupanga sefa ya mgolo

Pezani mgolo wa pulasitiki umene sunasungepo mafuta kapena mankhwala. Uimikeni pa nsanja ya njerwa kumapeto kumodzi kwa thanki, matako ake akhale pamwamba pa madzi. Boolani pafupi ndi pansi pake ndi kulowetsapo paipi yobwezera madzi m'thanki. Paipi imeneyi ikhale yaikuru kuposa yolowetsa madzi, kuti mgolo usasefukire. Boolaninso pafupi ndi kukamwa kwa mgolo ndi kuikapo paipi ina yolozanso m'thanki. Tsiku lina sefa ikadzatsekeka usiku, madzi adzabwerera m'thanki kudzera m'menemo, m'malo motayikira pansi ndi kusiya nsomba pouma.

M'kati mwa mgolo yambani ndi miyala yaikuru ngati nkhonya, kuti paipi ya pansi isatsekeke. Pamwamba pake thirani timiyala ta kumtsinje tonga cala camanthu, kapena zidutswa za njerwa zoocha, kapena zitsekerero za mabotolo a pulasitiki, zonse zotsukidwa ndi madzi okha. M'menemu ndimo mudzakhala mabakiteriya. Pamwamba peni peni yalani siponji yocindikala yogwira zinyalala. Dongosolo limeneli lisasinthidwe: madzi ayambe apyola siponji, pakuti matope akafika pa timiyala amakwirira anchito athu ndi kuwamana mpweya.

Pampu yaing'ono ya magetsi muiike m'madzi kumapeto ena a thanki, kutali ndi mgolo, ndipo paipi yake ikathire madzi pamwamba pa siponji. Potero madzi adzayenda thanki yonse kucokera uku kufika uko, osasiya ngondya imene zinyalala zingaunjikane. Paipi yobwezera ikhale pamwamba pa madzi pang'ono, kuti madzi pogwa aswe nkhope ya madzi a m'thanki, pakuti okosijeni amalowera pamenepo.

Cenjezo lalikuru ndi ili: pakamwa pa pampu pakhale pokutidwa ndi siponji, ndipo paipi iri yonse yoturutsa madzi ikhale yochingidwa ndi kansalu ka timabowo ting'onoting'ono. Kamwana ka nsomba kongoturuka m'kamwa mwa mai wake n'kotalika ngati sentimita imodzi, ndipo pampu yosachinga imakameza. Koma musadule neti yogonamo kuti mupeze kansaluko. Maneti a udzudzu ali ndi mankhwala amene amapha nsomba, ndiponso nchito yao ndi kuteteza inu ku malungo.

Liwiro la madzi

Madzi akayenda pang'ono kwambiri, amoniya amaunjikana. Akathamanga kwambiri, amafafaniza cisa, amatopetsa mai amene sakudya, ndipo tiana timatha mphamvu polimbana ndi mkokomo m'malo mokula. M'thanki ya nsomba zinai zokha, n'kokwanira kuti madzi onse apyole m'sefa kamodzi pa ola, ndiko kuti malita 1,000 pa ola.

Kodi tingadziwe bwanji kuti pampu ikupereka muyeso umenewu? Tengani ndowa ya malita 20 ndi koloko. M'malita 1,000 muli ndowa 50, ndipo m'ola limodzi muli masekondi 3,600. Gawani 3,600 ndi 50: mupeza 72. Cotero cingamizani ndowa pa paipi yobwezera madzi. Ikadzala pa masekondi ngati 72, zonse ziri bwino. Ikadzala pa masekondi 30, madzi athamanga, cepetsani. Ikafuna mphindi zitatu, siponji yatsekeka kapena pampu yacepa mphamvu. Muyeso wina ndi wa maso: ponyani kadzani pamadzi. Kayende pang'onopang'ono monga nkhalamba ya ndodo, osati kuzungulira ngati kali m'kamvuluvulu.

Kuyembekeza

Sefa yatsopano iri ngati mudzi wa nyumba zopanda anthu. Mabakiteriya athu amaswana mocedwa, ndipo pamapita masabata 4 kufikira 6 kuti akwanire. Pa nthawi imeneyi pampu iziyenda usana ndi usiku, ndipo tsiku liri lonse muziponyamo cakudya ca nsomba cotsina ndi zala ziwiri, kuti poola cidyetse mabakiteriya. Mukapeza timiyala todzala manja kucokera m'sefa ina yakale ya nsomba zopanda matenda, nchito idzafulumira. Kumene kuli kotheka, aphunzitsi agule timabotolo toyezera amoniya ndi nitrite. Zonse ziwiri zikaleka kuoneka, nthawi yoika nsomba yakwana. Ndidziwa kuti masabata 6 ndi ambiri kwa mwana wofuna kuona nsomba, koma akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafuna kuti nsomba ziswe mu Okutobala kapena Novembala, yambani sefa yanu pamene teremu yacitatu itsegulidwa.

Nyumba ya tiana

Mai akalavula tiana, mudzationa tikusambira m'gulu m'mbali mwa thanki. Tiwoleni ndi kasefa kofewa ndi kutisamutsira m'thanki yaing'ono, pakuti nsomba zazikuru zikhoza kutidya. Thanki ya masentimita 60 ndi 30 ndi 30 imalowa malita 54. Idzazeni ndi madzi a m'thanki yaikuru, kuti tiana tisadzidzimuke ndi kusintha kwa kutentha.

M'menemu musaike pampu ya madzi. Ikani sefa ya siponji yoyendera mpweya: kapaipi koboola-boola m'munsi kamalowa pakati pa siponji, ndipo kapampu ka mpweya kamauzira thobvu m'kati mwa kapaipiko. Thobvu pokwera limanyamula madzi, madzi ena nalowa kupyola siponji mofatsa, kotero kuti ngakhale kamwana kofooka sikakokedwa. Siponji imeneyi iyambe yakhala mu mgolo masabata angapo, kuti ibwere ndi mabakiteriya ake. Kapampu ka mpweya kakhale pamwamba kuposa madzi, cifukwa magetsi akazima madzi akhoza kubwerera m'kacubu ndi kukaononga.

Kusamala kwa masiku onse

Dyetsani tiana pang'ono pang'ono, katatu kapena kanai pa tsiku, cakudya cimene tingathe pa mphindi 5. Cotsala cicotseni ndi kacubu kokokera madzi. Sabata iri yonse cotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi, ndiko kuti malita 200 m'thanki yaikuru, ndi kubwezeramo ena ogonetsedwa. Madzi ocotsedwawo ali ndi nitrate, cotero kathirireni ndiwo za m'dimba la sukulu. Siponji muziifinya m'ndowa ya madzi a m'thanki, osati pa mpopi, ndipo sopo asayandikire. Timiyala musatitsuke tonse tsiku limodzi. Tsukani theka, theka linalo patapita mwezi. Tsiku lopopera mankhwala a udzudzu, vundikirani thanki.

Magetsi nao amazima. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kusowa maola oculuka pa tsiku. Zikatero lekani kudyetsa nsomba, pakuti nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri ndipo imaturutsa amoniya wambiri. Tungani madzi a m'thanki ndi ndowa, muwathire mu mgolo kawirikawiri, kuti timiyala tisaume ndi kuti madzi alandire mpweya. Sukulu imene ingathe igule kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena mphamvu ya dzuwa. Mukaona nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi m'mamawa, dziwani kuti mpweya wacepa: sinthani madzi ena msanga. Nchito yonseyi siingatheke ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lembani maina a osamala thanki tsiku ndi tsiku, osaiwala Loweruka, Sondo ndi masiku a chuthi.

Yankho la funso lija

Tsopano tibwerere kwa mtsikana uja. Thanki yao inalibe sefa, ndipo madzi sanali kuyenda. Cakudya cambiri cija cinamira ndi kuola masiku awiri m'kutentha kwa Novembala. Poola cinatha okosijeni ndi kubala amoniya, ndipo panalibe mabakiteriya okwanira kumcotsa. Nsomba zazikuru zinapirira, koma tiana tinalephera. Cinapha tiana ndi cifundo cosadziwa. Ana aja sanataye mtima: anapanga sefa ya mgolo, nayembekeza masabata ake, ndipo nsomba zomwezo zinaswanso mvula isanathe.

Musayese kuti nchito imeneyi ndi masewera. Caka ciri conse, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, boma limaletsa kupha nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti ziswane, pakuti odya aculuka ndipo nsomba zacepa. Mlimi wokumba dziwe amafuna mbeu ya nsomba, ndipo mbeuyo imacokera kwa anthu odziwa zimene mwaphunzira lerozi, monga a pa malo a boma a ku Chilanga ndi ku Mwekera pafupi ndi Kitwe. Koma nsomba za m'thanki musazitaye mu mtsinje. Tilapia ya ku Nile inathawa m'maiwe ndi kulowa mu Kafue, ndipo imakwerana ndi bream yathu ya madontho atatu, mtundu wake weni weni nucepa.

Mau kwa aphunzitsi

Musanatenge nsomba, kambiranani ndi mlangizi wa za nsomba wa m'boma lanu. Mawaya a magetsi alumikizidwe ndi munthu wodziwa, akhale pouma, ndipo pampu izimitsidwe mwana asanapise dzanja m'madzi. Thanki ikhale ndi cochinga kuti ana a Giredi 1 asagweremo.

Mutatha kuwerenga phunziroli, citani izi ndi kalasi. Sungunulani mcere m'kapu ya madzi akumwa, muwasefe pa nsalu yoyera, ndipo ana alawe. Madzi adzaoneka oyera, koma mcere udzamveka. Afunseni ana kuti afanizire mcerewo ndi amoniya. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa m'makope mwao:

1. Kodi mai wa bream amagubuduziranji mazira m'kamwa mwake?
2. Thanki ya masentimita 150 ndi 80, madzi akuya masentimita 50, imalowa malita angati?
3. Ngati ndowa ya malita 20 idzala pa masekondi 60, pampu ipereka malita angati pa ola?
4. Cifukwa ninji sitiyenera kutsuka siponji pa mpopi?
5. Chulani zinthu ziwiri zoyenera kucita magetsi akazima.

 Ana inu, tsalani bwino, ndipo mukasamale madzi anu.